Luso la Manja: Wailesi ya m'Sefuliya

 

Ulendo uno nkhani yathu ndi ya makolo ndi ana pamodzi. M'makomo ambiri muli mnyamata kapena mtsikana amene sangaone wailesi yakufa osaimasula. Amatola timawaya, masipika ong'ambika ndi mabolodi a wailesi za m'galimoto, tsiku lina n'kulumikiza kanthu kolankhula. Koma kanthuko kalibe nyumba. Ena amakaika m'katoni ya sopo, ena m'chigubu chodula, ena amangokasiya pamphasa mawaya ali mbwee. Posakhalitsa kapsa, kapena mwana wokwawa wakakoka. Apa m'pamene maso a mmisiri wamng'onoyo amagwera pa sefuliya ya amayi ake, ndipo mlandu umayambira pomwepo.

Ife tikuti nzeru ya mwanayo ndi yoona. Polakwa m'pamene watenga chiwiya osapempha. Sefuliya, poto kapena thireyi yophikira masikono, ngati ili ya aluminiyamu, ndi nyumba yabwino ya ampulifaya, makina aja okuza mawu. Koma ntchitoyi ili ndi malamulo ake, ndipo ena mwa malamulowo ndi oteteza moyo.

Agogo athu anamvera wailesi ya m'poto

Musaganize kuti nzeru imeneyi yabwera ndi umphawi wa lero. Ili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi ya kwathu konkuno. Mu 1941 boma la atsamunda la Northern Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zambia, linatsegula nyumba youlutsira mawu ku Lusaka kuti anthu azimva za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha nyumbayo inakula n'kutchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inkaulutsira anthu akuda a m'maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake, pamodzi ndi Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Woimba wotchuka uja Alick Nkhata ankagwira ntchito kumeneko.

Koma panali vuto. Wolankhula analipo, womvera ndiye anasowa. Wailesi za masiku amenewo zinali zikuluzikulu, za mabokosi a matabwa, zokwera mtengo, ndipo zambiri zinkafuna magetsi a pakhoma. Mkulu woona zofalitsa nkhani m'bomalo, Harry Franklin, anayendera makampani a ku Britain kufunafuna amene angapange wailesi yotsika mtengo yoyendera batire. Ambiri anamukana. Potsiriza kampani yopanga mabatire ya Ever Ready inavomera, ndipo mu 1949 wailesiyo inafika m'masitolo.

Chigoba chake chinali cha aluminiyamu, chozungulira ngati sefuliya yopanda chogwirira, kukula kwake mainchesi 9, ndiye kuti pafupifupi masentimita 23. Anachipaka utoto wabuluu, ndipo mabowo ake anawatseka ndi waya wa sefa kuti tizilombo tisalowe. M'kati munali mavavu 4, timababu tagalasi timene tinkagwira ntchito imene lero imagwiridwa ndi matransista. Mtengo wake unali mapaundi 5. Batire lake lalikulu linali la masheleni 25, ndipo linkatha patapita maola pafupifupi 300. Azungu anaitcha Saucepan Special, kutanthauza wailesi ya sefuliya. Zikwizikwi zinagulidwa ku migodi ya ku Copperbelt, m'matauni ndi m'midzi, zina n'kufika kuno ku Nyasaland. Choncho pamene MBC inkayamba mu 1964, alipo agogo amene makutu awo anali atazolowera kale mawu otuluka m'poto.

Taonani kuti amene anapanga wailesi imeneyi sanali anthu osowa zipangizo. Anali akatswiri a kampani yaikulu. Chigoba chotere chiswe sichichidya, dzimbiri silichigwira, sichilemera ponyamula, ndiponso sichivuta kupanga popeza luso loumba mapoto linalipo kale m'mafakitale.

Chitsanzo cha kufupi ndi kuno

Ife a ku Kasungu tili ndi chitsanzo china pakhomo penipeni. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe anayamba ndi wailesi. Asanamange makina ake amphepo mu 2002, iye ndi msuweni wake ankamasula wailesi zakufa kuti aone chimene chimalankhulamo, mpaka anayamba kukonzera anthu. Njala ya 2001 ndi 2002, imene inaimiritsa anthu pamzere wautali pa ADMARC ya pano pa Chamama, inamusiyitsa sukulu ya sekondale chifukwa fizi inasowa. Anathawira ku kalaibulale ka ku Wimbe, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy.

Zida analibe. Poboola mapaipi a pulasitiki ankatenthetsa msomali woloŵetsa m'chitsononkho cha chimanga. Mawashala ankasula kuchokera ku zitsekerero za mabotolo. Anthu pomuona akutolera zitsulo kudzala ankati wachita misala. Koma mu 2007 anaitanidwa kukalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Sitikunena kuti mwana aliyense womasula wailesi adzafika kumeneko. Tikungoti m'mera m'poyamba, ndipo kholo limene lazula mmera silingadziwe mtengo umene lataya.

Chifukwa chiyani aluminiyamu?

Zifukwa zilipo zinayi.

Choyamba ndi kutentha. Mtima wa ampulifaya ndi kachipangizo kakuda ka miyendo ingapo kamene amisiri amati IC. Pa ma IC akale monga TDA2003 ndi TDA2030, pafupifupi theka la mphamvu yochokera ku batire silisanduka mawu koma kutentha. Kutenthako kukapanda kotulukira, IC imadzizimitsa, imasokoneza mawu, kapena imafa. Aluminiyamu amayendetsa kutentha msanga kuposa chitsulo wamba katatu kapena kanayi, ndipo kuposa chitsulo chonyezimira chija cha stainless kakhumi ndi kupitirira. N'chifukwa chake madzi sachedwa kuwira m'sefuliya. Pophika, sefuliya imatenga moto kupereka ku madzi. Pa ampulifaya imatenga moto wa IC kupereka ku mpweya. Ntchito ndi yomweyo, yangotembenuka.

Chachiwiri ndi chitetezo ku phokoso. Mpweya watizungulirawu ndi wodzaza ndi mafunde a mafoni, a wailesi ndi a nthambo za magetsi. Waya wa maikolofoni amatola mafunde amenewa, ampulifaya n'kuwakuza pamodzi ndi mawu. Mwina mudamvapo sipika ikulira "tititi" foni ikamalandira uthenga pafupi. Katswiri wa ku England Michael Faraday anasonyeza mu 1836 kuti chinthu chozingidwa ndi chitsulo mbali zonse chimatetezeka ku mphamvu ya magetsi yochokera kunja. Katoni ndi chigubu sizingachite zimenezi. Sefuliya yovundikira bwino imatero.

Chachitatu, aluminiyamu ndi wofewa ndi wopepuka. Kulemera kwake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo cha msinkhu womwewo. Mwana angathe kumuboola ndi chiboolero chopukusa pamanja, n'kusalaza bowo ndi tupa.

Chachinayi, sachita dzimbiri lofiira. Inu a kunyanja mukudziwa mmene chinyezi chimadyera malata ndi zitini.

Koma tisamutame mopitirira. Aluminiyamu saletsa mphamvu ya maginito yochokera ku thiransifoma, choncho thiransifoma ikayandikana ndi waya wa maikolofoni, sipika imang'ung'uza ngakhale zonse zili m'poto. Ndiponso waya wowotcherera wa masiku onse sagwira pa aluminiyamu. Pamwamba pake pamakhala kakhungu kosaoneka ndi maso kamene kamabwera akangokhudzana ndi mpweya. Kakhunguka n'kamene kamamuteteza ku dzimbiri, koma n'komwenso kamakana chowotcherera ndi kutchinga magetsi. Mmisiri wosadziwa zimenezi amatha tsiku lathunthu akulimbana ndi waya wosamatika.

Kusankha chiwiya

Si chiwiya chilichonse chonyezimira chimene chili cha aluminiyamu. Tengani maginito a kumbuyo kwa sipika yakufa. Akamata, chimenecho si aluminiyamu. Akapanda kumata, kandani ndi msomali pansi pake. Aluminiyamu amakandika mosavuta ndipo ndi wopepuka m'manja, pamene stainless ndi wolimba ndi wolemerera.

Chitini chophikira buledi kapena thireyi yozama ya makona anayi imaposa poto wozungulira, chifukwa switchi ndi polumikizira mawaya zimafuna khoma lathyathyathya. Mukapeza mathireyi awiri ofanana, imodzi ikhale pansi ina chivundikiro. Mukakhala ndi sefuliya yokha, ivundikireni chafufumimba pathabwa lokutidwa ndi chidutswa cha aluminiyamu, ndipo zopotokola zonse muziike pathako pake pamene pali posalala.

Pewani ziwiya zopaka zakuda zija zoti chakudya chisamamatire, chifukwa chopakacho chimatchinga magetsi. Pewaninso timbale topyapyala totengera chakudya m'malesitilanti, timene timapindika ndi chala. Ngakhale mathireyi otchipa a m'masitolo ambiri ndi opyapyala, osafika milimita imodzi. Ngati nyumba chabe ndi okwanira, koma paokha sangachotse kutentha konse. Pamenepo ikani chidutswa chokhuthala cha aluminiyamu pakati pa IC ndi khoma, monga chija cha mapikomapiko chopezeka m'wailesi zakufa za m'galimoto.

Mapoto okhuthala oumbidwa ndi amisiri a m'misika posungunula zidutswa zakale amachotsa kutentha bwino kwambiri, koma amang'aluka mukawakhoma ndi msomali, choncho amafuna chiboolero. Pa mapoto a mtundu umenewu pali chinthu china chofunika kuti amayi achidziwe. Kafukufuku wa ku Cameroon wofalitsidwa mu 2014 anapeza kuti mapoto oumbidwa ndi zidutswa zotolera, monga za injini za galimoto, amatulutsira mtovu m'chakudya. Poto wotere akakalamba n'kuyamba kudyeka m'kati, kuli bwino apite kwa mmisiri wa ampulifaya kusiyana n'kuti aziphikirabe phala la mwana.

Kamangidwe kake

Kwa woyamba kumene tikulangiza TDA2003. Ili ndi miyendo 5, imayendera batire la 12V, ndipo pa sipika ya ma ohm 4 imapereka mawati pafupifupi 4 kapena 5. Nambala imeneyi ikuoneka yaing'ono poyerekeza ndi manambala onenepa olembedwa pamakatoni a m'sitolo, koma pa sipika ya lipenga mawati 5 amadzaza kalasi ya madrasa ndi bwalo lake lomwe. Mabolodi olumikiziratu amapezeka kwa ogulitsa zipangizo za wailesi m'misika ya m'matauni.

Yambani ndi pepala. Jambulani pamene padzakhale chilichonse musanaboole, chifukwa bowo silibwerera. Polowera mawu, ndiye maikolofoni kapena foni, pakhale mbali ina. Polowera batire ndi potulukira mawaya a sipika pakhale mbali inayo. Mawaya olowa ndi otuluka akayenda limodzi, ampulifaya imaimba mluzu yokha.

Poboola, ikani thabwa kunsi kuti chiwiya chisapindike, dindani kachizindikiro ndi msomali, kenaka boolani kabowo kakang'ono n'kumakakuza pang'onopang'ono. Mukatha salazani m'mphepete, ndipo sesani tinyenyeswa tonse. Kanyenyeswa kamodzi ka aluminiyamu kakagwera pabolodi kangathe kupha IC nthawi yomweyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bolodi lisakhudze pansi pa chiwiya. Dulani chigoba cha bolopeni yakutha m'tizidutswa ta sentimita imodzi, tikhale miyendo yake, mabawuti adutse m'katimo. Paliponse pamene waya akutulukira pabowo, muvekeni kachidutswa ka chubu cha njinga kapena kapaipi ka pulasitiki, chifukwa m'mphepete mwa bowo mumacheka waya pang'onopang'ono.

Tsono pali mfundo imene imapha ma IC ambiri. Kumsana kwa IC kuli kachitsulo kokhala ndi bowo, kamene timamangirira kukhoma. Pa TDA2003 kachitsuloka n'kolumikizana ndi negetivu ya batire, choncho kangathe kukhudza chiwiya popanda vuto. Pa TDA2030 yoyendera magetsi a mbali ziwiri, ya pozitivu ndi negetivu ndi waya wapakati, kachitsuloka kamakhala ndi mphamvu, ndipo pamafunika kapepala ka mica ndi kawashala ka pulasitiki kuti kutentha kudutse koma magetsi asadutse. Musanamange, funsani mmisiri wa wailesi kapena werengani pepala lofotokoza IC yanuyo. Safunsa anadya phula. Pakati pa IC ndi khoma pakani pang'ono phala loyera lija lothandiza kutentha kudutsa, ndipo pamalopo pakhale posalala, popanda chibonthi.

Mfundo inanso ndi ya mawaya a sipika. Pa TDA7297, pa mabolodi a masiku ano a TPA3116, ndi pa wailesi zambiri za m'galimoto, mawaya onse awiri a sipika ali ndi mphamvu. Palibe wa negetivu weniweni. Mmodzi akangokhudza chigoba, IC ili pangozi. Choncho polumikizira sipika pakhale pa pulasitiki, posakhudza aluminiyamu.

Negetivu ilumikizidwe ku chigoba pamalo amodzi okha. Palani pamalopo ndi sandipepala mpaka pawale, ikani washala wa mano, mangani ndi bawuti ndi nati molimba, ndipo waya muwotcherere ku kachitsulo komangidwa pabawutipo. Mukalumikiza negetivu apa ndi apo, magetsi amayenda m'chigoba mozungulira, ndipo zotsatira zake ndi kung'ung'uza kosatha. Inu a kunyanja muziyang'ana bawuti limeneli nyengo ya mvula ikatha. Kopa ndi aluminiyamu zikakhudzana pamalo a chinyezi, aluminiyamu amadyeka n'kutuluka ufa woyera. Kadontho ka girisi pamwamba pake kamathandiza.

Mawu a maikolofoni ndi ofooka kwambiri kuposa a foni, choncho amafuna kabolodi kena kakang'ono ka transista imodzi, monga BC547 kapena C945, kowakuza asanafike ku IC. Waya wake akhale uja wokhala ndi ukonde wa kopa kunja. Potsiriza boolani timabowo ta mpweya, ena m'munsi ena m'mwamba, n'kuwatseka ndi waya wa sefa monga anachitira a ku Ever Ready, popeza mphemvu zimakonda malo ofunda. Yesani makinawo kwa theka la ola, kenaka gwirani chigoba pafupi ndi IC. Ngati chala sichingapirire mpaka kuwerenga kasanu, wonjezerani chitsulo chochotsa kutentha. Kumbukirani kuti chimene chapirira mu June kuno ku Chamama chingathe kulephera mu October ku Monkey Bay.

Ngozi zitatu

Apa tikupempha makolo awerenge kawiri.

Ngozi yoyamba ndi magetsi a pakhoma. Magetsi a m'nyumba kuno ku Malawi ndi a 230V. Katoni ikakhudzidwa ndi waya wamoyo imapsa, koma sefuliya ikakhudzidwa, yonse imasanduka waya wamoyo, ndipo woigwira woyamba kawirikawiri ndi mwana wosavala nsapato. Mphamvu yochepa kuposa imene babu la tochi yakale limadya ndi yokwanira kuimitsa mtima. Tsono lamulo lathu n'lakuti wophunzira asalowetse magetsi a pakhoma m'chigoba cha chitsulo. Agwiritse ntchito batire la 12V, la njinga yamoto kapena la sola, kapena adaputa yogula yotsekedwa, imene imakhala kunja n'kumatumiza 12V yokha. Mmisiri wodziwa amene waika thiransifoma m'kati ayenera kugwiritsa ntchito waya wa nthambo zitatu ndi pulagi ya mano atatu. Wofiirira ndi wamoyo, wabuluu ndi wobwerera, ndipo wobiriwira wa mizere yachikasu amangidwe ku chigoba pabawuti lakelake. Kudula waya wachitatuyu pofuna kuthetsa kung'ung'uza n'kusewera ndi imfa. Dziwaninso kuti inveta ya sola imatulutsa 230V yomweyo. Ana asamasule TV yakale ya chimsana kapena maikulowevu pofuna zipangizo, chifukwa m'kati mwake mumatsala mphamvu yoopsa ngakhale zitazimitsidwa. Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamugwire ndi manja. Zimitsani switchi kapena mukankheni ndi mtengo wouma, kenaka thamangirani naye kuchipatala.

Ngozi yachiwiri ndi batire. Mphamvu ya 12V siimugwira munthu, koma batire la galimoto lingathe kutulutsa ma amp mazanamazana nthawi imodzi. Waya wa pozitivu akakhudza chigoba, amafiira ngati khala m'kanthawi kochepa. M'nyumba yaudzu, kapena pafupi ndi chigafa cha fodya wouma kapena ukonde ndi petulo wa injini ya boti, zotsatira zake mukuzidziwa. Mankhwala ake ndi otchipa: fyuzi ya ma amp 2 kapena 3 pa waya wa pozitivu, pafupi penipeni ndi batire. Fyuzi ikapsa, funani chimene yapsera. Musaikepo msomali kapena pepala lonyezimira. Dayodi monga 1N5408 pa waya yemweyo imateteza IC tsiku limene wina adzasinthanitse mawaya mumdima. Batire la asidi litchajidwe pamalo opita mphepo, kutali ndi moto, chifukwa limatulutsa mpweya wophulika.

Ngozi yachitatu ndi yachete. Waya wowotcherera wofala kwambiri uli ndi mtovu, magawo 40 pa 100 alionse. Mtovu umawononga ubongo wa ana, ndipo bungwe la zaumoyo la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tinganene kuti ndi wabwinobwino. Mwana asalume waya ameneyu ndi mano, asambe m'manja ndi sopo asanadye, awotcherere panja kapena pawindo, ndipo timadontho togwa pansi asese makanda asanatole. Chiwiya chimene chasanduka ampulifaya chatsanzikana ndi kukhitchini. Chisabwererenso pamoto.

Malamulo a dziko ndi ufulu wa mnansi

Ampulifaya siifuna chilolezo. Koma mwana akadziwa kukuza mawu, posachedwa amafuna kuwaulutsa, ndipo pamenepo lamulo limalowapo. Mu 2009 mnyamata wa ku Mulanje, Gabriel Kondesi, amene anadzipangira yekha nyumba youlutsira mawu yotchedwa Pachikweza, anamangidwa chifukwa choulutsa popanda laisensi ya bungwe la MACRA. Khoti linamulipiritsa K50,000, ndipo anthu akufuna kwabwino anathandiza kulipira. Dziko lonse linachita chidwi ndi luso lake, komabe lamulo silinamulambalale. Mwana wanu adziwe malire amenewa asanafike pamenepo.

Palinso lamulo limene silinalembedwe m'buku la boma. Mawu okuzidwa salowa m'makutu a mwini wake yekha. Kuseri kwa mpanda kuli wodwala, kuli khanda, kuli msodzi amene wachezera panyanja usiku wonse. Ngakhale pamzikiti, kumene chipangizochi chimatumikira azana ndi khutuba, kukweza mpaka mawu kung'ambika sikuwonjezera omvera. Mawu osweka samveka patali kuposa mawu oyera. Lozetsani lipenga kumene kuli anthu, maikolofoni ikhale kumbuyo kwake kuti lisalire, ndipo voliyumu iime pamene mawu akadali omveka bwino. Mmisiri wabwino amapanga chopotokola chotsitsa mawu ndi chisamaliro chomwecho chimene wapangira chokweza.

Kwa makolo ndi kwa ana

Kuno ndalama imabwera kamodzi pachaka, fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Kwanuko imabwera usipa ukagwa kapena mpunga ukakololedwa. Nthawi imeneyo ambiri timagula masipika owala magetsi amitundumitundu, amene ena safika nyengo yotsatira. Akafa timataya, chonsecho kawirikawiri chafa ndi kanthu kamodzi: batire, switchi kapena polowetsera chaja. M'banja mukakhala mwana wodziwa kutsegula ndi kuyeza, ndalama imeneyo imatsala pakhomo, ndipo mawa anansi adzayamba kumubweretsera zawo.

Tsono bambo, pa ndalama ya chaka chino patulani pang'ono. Mugulireni mwanayo thireyi yakeyake, fyuzi, ndi kamita koyezera magetsi. Kamita kameneka ndiye mphunzitsi wake woyamba, chifukwa magetsi saoneka ndi maso. Mupite naye kwa mmisiri wa wailesi wa pamsika wanu akaone ntchito yake asanailumikize ku batire. Mayi, ngati muli ndi sefuliya yodontha imene mwaisiya kuseri kwa nkhokwe, imeneyo ndi chuma kwa iye, popeza ampulifaya siisamala za bowo. Ndipo ngati wokonda mawayayo ndi mtsikana, musamulande chowotcherera n'kupatsa mlongo wake. Manja odziwa kulowetsa ulusi m'singano sangalephere mwendo wa transista.

Inunso ana, sefuliya ya amayi ndi ya amayi. Pemphani, ndipo akakana dikirani. Luso loyamba ndi kuba silikhala ndi madalitso. Homuweki ndi madrasa zisafe chifukwa cha mawaya, pakuti masamu amene mukuwathawa m'kalasi ndi omwewo amene adzakuuzeni kukula kwa fyuzi ndi maola amene batire lidzakhale. Musadikire zida za m'mabuku a kunja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Amene mwapanga kale makina otere, tilembereni kudzera kwa mkonzi. Tiuzeni chiwiya chimene munagwiritsa ntchito, IC imene munaika ndi vuto limene munakumana nalo, kuti anzanu aphunzirepo. Magazini ikubwerayi, Insha Allah, tidzakambirana za kasamalidwe ka batire la sola, ndi chifukwa chake mabatire ambiri m'midzi mwathu amafa asanakwanitse zaka ziwiri.